Ndinasankha Ndodo

Chaka chimene ndinali mu giredi seveni, kuchipatala chathu cha ku Tembwe kunabwera mkulu watsopano wochokera ku Ndola. Sanali dokotala weniweni, koma tonse tinkangoti adokotala, ndipo iwo sankakana. Anabwera ndi akazi awo komanso mwana wamkazi wa msinkhu wanga, amene anamuika m'kalasi mwathu, pa desiki yanga. Iye Chisenga, chilankhulo cha kwathu, sankachidziwa, ine Chinyanja changa chinali cha m'mabuku a kusukulu, chouma ngati chikonyo. Komabe tinagwirizana. Ankandibwereka rula, ine n'kumamuuza zimene anzathu akumunena.

Adada anali mkulu wa mpingo. Lamulungu lililonse ankaimirira kutsogolo n'kuwerenga mawu, atavala jekete yakuda imene amama ankaisita ndi ayironi ya makala. Anali munthu wosalankhula zambiri, ndipo pakhomo pathu panali mawu ena amene sankatchulidwa ngakhale mwanthabwala.

Pa tchuthi cha Ogasiti kunabwera mchimwene wake wa mnzangayo, amene ankaphunzira sekondale ku tauni. Thonje linali litagulitsidwa, kumunda kunalibe ntchito, ndipo masana mphepo inkangozungulitsa fumbi pabwalo. Mnyamatayo anatopa ndi kukhala, choncho anatiitana pakhonde la kuseri kwa nyumba yawo, ine, mlongo wake ndi mwana wamwamuna wa ahedi a sukulu yathu, kuti atiphunzitse masewera amene ankasewera ndi anzake kusukulu.

Masewerawo analibe bolodi ngati ludo, analibe maenje ngati nsolo. Dziko lonse linali m'kamwa mwa mnyamatayo. Ankakhala pa mpando, ife pansi, n'kuyamba: "Mwafika pakhomo la phanga. M'kati mukumveka chinthu chachikulu chikupuma. Muchita bwanji?" Iwe unkanena chimene munthu wako achite, kenako n'kuponya dayisi kuti aone ngati chatheka. Moyo wa munthu aliyense unali mtedza wokazinga m'kasosa, kambale koikapo kapu ya tiyi. Mdani akakuvulaza, mnyamatayo ankatapa mtedza wako n'kumatafuna uku akukuyang'ana m'maso.

Koma poyamba unkayenera kuumba munthu wakoyo. Unkaponya dayisi katatu: koyamba kupeza mphamvu zake, kachiwiri kupeza diso lake, kachitatu nzeru zake. Mnzanga anapeza mphamvu zambiri. Mwana wa ahedi anapeza diso lakuthwa. Ine pa mphamvu inagwa thuu, pa diso fili, pa nzeru sikisi.

"Manje sankha chida," anatero mnyamatayo m'Chinyanja chake cha m'tauni. "Pali lupanga, pali uta, pali nkhwangwa, pali ndodo."

Sindinafunse kanthu. Ndinkaopa kuoneka wa kumudzi, ngakhale kuti onse ankadziwa kuti ndine wa kumudzi. Mnzanga anali atatenga lupanga, ndiye inenso ndinati lupanga. Tisanalowe n'komwe m'phangamo, fisi wina wa m'nkhaniyo anandigwetsa, mtedza wanga wonse n'kuthera m'kamwa mwa mwini masewera. Anandichitira chifundo nati munthu wanga wangokomoka, mawa adzuka, koma lupanga latayika.

Mawa lake ndinati nditenge nkhwangwa. "Imeneyo ndiye ndimaidziwa," ndinatero.

"Tidziwa kuti uidziwa," anayankha mwana wa ahedi, onse n'kuseka.

Nkhwangwa inali yolemera. Wa mphamvu zochepa ankatema kamodzi pamene anzake amenya kawiri. Ndinakomokanso. Ndinabwerera kunyumba m'maso muli gwaa, ndikulumbira kuti pakhondepo sindidzapondanso.

Koma mutu unakana kuzisiya. Ndikamasinja, ndikamatsuka mbale, ndikamayenda ndi ndowa pamutu, ndinkangosanthula zida zinayi zija. Lupanga limadya mphamvu, ndipo ine mphamvu ndinalibe. Nkhwangwa inali itandionetsa kale. Uta umafuna diso, ndiponso mivi imatha, ndiye ukakhala pakati pa nkhondo wopanda muvi umangosanduka munthu wonyamula kamtengo kopindika. Yotsala inali ndodo, imene palibe anali ataikhudza. Nditabwerera pakhonde paja ndinalimba mtima n'kufunsa kuti imagwira ntchito bwanji.

Mnyamatayo anasangalala ngati wamalonda amene wapeza wogula katundu wokhalitsa. Anati ndodoyo siimenya ndi mtengo ayi, imatulutsa moto, ndipo motowo umakula malinga ndi nzeru za mwini wake. Ukaponya bwino umatentha adani angapo nthawi imodzi, ali patali. Kuipa kwake, mdani akakufika pafupi watha, chifukwa wa ndodo savala chovala chachitsulo.

"Ndiye ndikaima kumbuyo kwa wa lupanga?" ndinafunsa.

"Ehee! Manje wayamba kuganiza."

Kenako anatchula dzina la munthu wonyamula ndodoyo, liwu lachingerezi limene sindinalimve. Ndinayang'ana mnzanga.

"Ni mfiti chabe," iye anatero, akutola mtedza umene unagwa pansi.

"Mfiti yabwino," anawonjezera mchimwene wake.

Ndinacheukira kunjira kuti ndione ngati kukudutsa munthu. Kwa iwo liwulo linali lopepuka ngati dzina la sopo. Kwathu linkasamutsa nkhalamba m'mudzi. Ndinkadziwa zimenezo bwino lomwe. Koma ndinali nditawerengera kale, ndipo ndinkaona kuti kwa munthu wanga panalibe chida china choposa chimenecho. Ndinati, "Ndipatseni ndodoyo."

Tsiku limenelo mnyamatayo anatiika pa mlatho wopapatiza, achifwamba anayi akubwera kutsogolo kwathu. Mwana wa ahedi anaponya mivi iwiri, yonse inaphonya. Mnzanga anaima pakati pa mlatho ndi lupanga lake, ine kumbuyo kwake. Ndinapukusa dayisi m'manja mpaka anzanga anadandaula, ndipo itagwa inaonetsa sikisi. Mnyamatayo anadzuka pampando, natambasula manja, nafotokoza mmene moto unadutsira pamwamba pa phewa la mlongo wake n'kugwetsera achifwamba atatu mumtsinje. Wachinayi anathawa. Mtedza wanga sunachoke ngakhale umodzi. Mwana wa ahedi, yemwe uja ankandiseka, anandipempha kuti mawa ndidzaime kumbuyo kwa iye.

M'mawa mwake ndinakumana ndi mnzanga pa mjigo. Mzere unali wautali, amayi ambiri atakhalira ndowa zawo. Ndinali nditayamba kulankhula Chinyanja cha m'tauni, ndipo ndinkafuna kuti anthu amve kuti ndimachitha. Mwina ndinkadzinamizanso kuti amayiwo sakutsatira. Ndinakweza mawu.

"Unaona dzulo? Atatu na ndodo imodzi! Ufiti wanga ukakula pang'ono, na uja anathawa nizamupeza."

"Manje lelo tiyenda ku manda yakale yaja," anayankha mnzanga. "Uzayamba ndiwe kungena m'kati."

Kumbuyo kwathu kunali mayi wina wa mumpingo mwathu, woimba m'kwaya ya amayi, wa mawu okwera amene ankayambitsa nyimbo. Mwezi unali usanathe chiikireni mwana wawo wamng'ono, amene anamwalira ndi malungo. Maliro ake ndinapita, ndipo ndinatunga nawo madzi. Nditatembenuka ndinawaona akundiyang'ana, osaphethira. Kenako ananyamula ndowa yawo yopanda madzi n'kuchoka pamzere. Ndinaona, koma sindinaganizepo kanthu. Mutu wanga unali ku manda a m'nkhani.

Nkhani inayenda mofulumira kuposa ine. Mawa lake ana a nyumba yoyandikana nafe, amene ankakonda kudzasewera pakhomo pathu, anaitanidwa ndi amayi awo atangofika. Amama anabwera kuchokera kuchigayo ufa uli pamutu, osandiyankha moni. Anautula, nalowa m'nyumba, ndipo ndinamva akulankhula ndi adada motsitsa mawu. Patapita kanthawi adada anandiitana.

"Akuti wapha anthu atatu."

Ndinaseka. Ndikanadziwa sindikanaseka. Nkhope ya adada sinasinthe.

"Ndi masewera, adada."

"Masewera anji?"

Ndinayesa kufotokoza m'Chisenga, ndipo mawu aliwonse amene ndinkatulutsa ankaipiraipira. Phanga, moto, ndodo, manda. Pakhonde la adokotala zinkamveka ngati filimu. M'nyumba mwathu, pansi pa kalendala ya mpingo, zinkamveka ngati zimene anthu ankanenazo. Adada anamvetsera mpaka ndinatha, kenako anati Lachitatu masana tikaonekera kutchalitchi.

Sindinaganize kuti kudzabwera anthu ochuluka chotero. Mabenchi a kutsogolo anadzaza akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano, ndipo m'mawindo munali mitu ya ana. Amene ankatsogolera anali alaliki athu, bambo wofatsa amene ankaoneka kuti nkhaniyo ikuwalemera. Adokotala anabwera atavala gauni yawo yoyera, akuyang'ana wotchi, ana awo awiri ali pambuyo. Mwana wa ahedi sanabwere. Tinamva kuti amutumiza kwa azakhali ake ku Chikwa. Mayi aja a pa mjigo anakhala kumapeto kwa benchi ya amayi, chitenje atafunda mpaka kumutu. Adada sanakhale pamalo awo a masiku onse pakati pa akulu anzawo. Anakhala pambali, pafupi ndi khomo, chipewa chili pa bondo.

Mayiwo ananena zimene anamva, ndipo sananame ngakhale liwu limodzi. Alaliki anandifunsa ngati ndinanenadi zimenezo. Ndinavomera. M'tchalitchi munamveka kung'ung'udza.

Adokotala anaimirira nati izi ndi zoseweretsa za ana, ndipo iwo asiya odwala pamzere. Alaliki anawayankha mwaulemu kuti ngati ndi zoseweretsa, palibe vuto kuti mpingo uzione. Choncho mnyamata uja anatulutsa dayisi m'bokosi la machesi, wina anathamanga kukatenga mtedza, ndipo anatikhazika pansi patsogolo pa guwa, ine ndi mnzanga. Mnyamata amene pakhonde ankabangula ngati mkango tsopano ankalankhula ngati ali ndi chimfine. "Mwafika pa mlatho," anatero, maso ali pansi. "Kukubwera achifwamba."

Anafotokoza za mphamvu, za diso, za nzeru, ndi za zida zinayi. Alaliki anamudula.

"Zida zinalipo zinayi?"

"Inde, alaliki."

Alaliki anatembenukira kwa ine. "Mwana wanga, panali lupanga, panali uta, panali nkhwangwa. Anakukakamiza kutenga ndodo ya ufitiyo?"

"Ayi."

"Nanga unaisankhiranji?"

Ndikanangoti sindikudziwa, mwina zikanathera pomwepo. Koma ndinaleredwa kuti ukafunsidwa ndi wamkulu uziyankha zoona, ndipo penapake m'kati mwanga munali mukadali kunyada kuja. Ndinayamba kufotokoza. Ndinati lupanga limapha mmodzi mmodzi ndipo limafuna mphamvu. Ndinati nkhwangwa imachedwa. Ndinati mivi imatha. Ndinati ndodo ndiyo imapha ambiri nthawi imodzi, uli patali, iwo asanakuone, bola ukhale ndi mnzako wokutchinga kutsogolo. Ndinati ndinaganizira masiku angapo ndisanasankhe.

Ndili pakati pofotokoza ndinadzimva ndekha. Mwana wa mkulu wa mpingo, atakhala patsogolo pa guwa, akuphunzitsa amayi a chigwirizano njira yabwino yophera anthu ambiri osaonedwa. Ndinalekera pomwepo. Ndinayang'ana kukhomo. Adada anali atawerama, akuzunguza chipewa chawo ndi zala pang'onopang'ono.

Kenako mkulu wina wokalamba, amene pa unyamata wawo anali mlenje wodziwika ku Chifunda, anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Ndifunse nawo. Utawo umafika patali bwanji?"

Mnyamata uja anayankha kuti umafika kuposa moto wa ndodo.

"Ndiye mivi akupatsa ingati?"

"Khumi."

"Khumi! Ine ndi mivi khumi ndikanatha onse anayi, n'kutsala ndi ya nkhanga. Mwanayu anasankha molakwa."

Wina anaphulika kuseka kumbuyo, ndipo kuseka kunafalikira mabenchi onse. Ana a m'mawindo ankakuwa. Alaliki anabisa pakamwa ndi buku la nyimbo. Mkulu wina anafuna kuona dayisiyo, naitembenuza uku ndi uku, nati ndi yofanana ndi ya ludo ya adzukulu ake. Ndinkayenera kupepukidwa, chifukwa kusekako kunatanthauza kuti palibenso amene akundiyesa mfiti. Koma ndinkangofuna pansi patseguke. Chinthu chimene ndinachiganizira ndi mtima wanga wonse, chimene chinandichititsa kumva kuti ndine wanzeru pakati pa ana a m'tauni, chinali apo pa simenti: kabokosi ka machesi ndi mtedza wobwereka.

Ndiye bambo wina, sindinaone kuti ndani, ananena mokweza kuti, "Ndiye atisiyitsa ntchito chifukwa cha mtedza?"

Anthu anasekanso, koma ulendo uno ena anacheukira kumapeto kwa benchi ya amayi. Mayi aja anaimirira. Anakoka chitenje kuphimba nkhope, nadutsa pakati pa mabenchi, nadutsa pafupi ndi adada, natuluka. Palibe anawatsatira. Kuseka kunazima pang'onopang'ono.

Alaliki anagamula kuti ufiti palibe, koma pali pakamwa posasamala, ndipo makolo akalangize ana awo. Anapempha kuti masewerawo asiyidwe. Adokotala anati mwana wawo akubwerera kusukulu posachedwa, natuluka mofulumira. Tisanabalalike adada anaimirira n'kupempha kuti apume kaye kuwerenga mawu mpaka Khirisimasi. Alaliki anati palibe chifukwa. Adada anati chifukwa akuchidziwa iwo.

Pobwerera anali patsogolo, ine pambuyo. Tinadutsa sukulu, tinadutsa munda wa thonje wouma. Tili pafupi kufika anaima, osatembenuka.

"Masiku onse aja unkasinja uli chete, unkaganiza zimenezi?"

"Inde, adada."

"Ine ndinkauza amako kuti mwanayu akuganiza za mayeso."

Anapitiriza kuyenda. Sanandimenye tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso. Lamulungu lotsatira anakhala pakati pa anthu wamba, wina akuwerenga m'malo mwawo, akukakamira pa mayina ovuta a m'Chipangano Chakale. Ine ndinakhala kumbuyo, ndikumva ana akunong'onezana kuti wa ndodo uja ndi ameneyo. Dzinalo linandikakamira mpaka ndinachoka kupita ku sekondale.

Mnzanga anabwera kamodzi kudzandiuza kuti mchimwene wake wamusiyira dayisi, ndipo tingathe kumasewera awiri m'chipinda chake, chitseko chotseka. Iye zonsezo ankaziona ngati nthabwala yokafotokozera abale ake ku Ndola. Ndinamuuza kuti ndili ndi ntchito. Sukulu itatsegulidwa tinapitiriza kukhala pa desiki imodzi, koma Chinyanja cha m'tauni chija ndinachisiya.

Amama ndi amene anaona kuti mayi aja asiya kubwera ku kwaya, ndiponso kuti madzi akukatunga kumtsinje, kutali, pothawa mzere wa pa mjigo. M'mawa wina anandipatsa ndowa yathu yaikulu.

"Ukatunge, ukatule kwawo."

"Ndikanene chiyani?"

"Ndati ukatule madzi. Sindinati ukalalikire."

Ndinawapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe, akutonola chimanga. Ndinagwada, ndinapereka moni, iwo anayankha osakweza mutu. Ndinathira madzi mumtsuko wawo n'kubwerera. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lina nditathira madzi anasuntha pang'ono pamphasapo, nakankhira chitsononkho ndi ngala zingapo mbali yanga. Ndinakhala pansi n'kuyamba kutonola.

Tinatonola nthawi yaitali. Kenako anayamba kulankhula, osati kwenikweni ndi ine. Anati mwanayo anali atangoyamba kuyenda chogwira khoma. Anati ankakonda kuluma mkanda wawo akamayamwa, mpaka anauvula. Anati m'mawa anali bwino, akusewera ndi chikho, ndipo pofika mawa lake anali atapita. Anati aliyense ankangowauza kuti ndi malungo, ngati kuti malungo ndi yankho.

Zala zanga zinkawawa, koma sindinasiye kutonola.

"Kutchalitchi kuja anatiseka tonse awiri," anatero.

"Pepani, amama."

"Iwe ndiwe mwana, adzaiwala. Ine ndine wamkulu."

Chimanga chitatha anasesa njere zimene zinagwera pansi, nazithira m'lichero. Anandiuza kuti ndikathokoze amama, koma ndisabwerenso ndi madzi, chifukwa anthu ayamba kufunsa ngati akudwala. Anati mawa apita okha ku mjigo. Ndinanyamula ndowa yanga n'kutsanzika. M'mawa mwake ndinawapezadi pamzere, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi patsogolo panga. Ndinawapatsa moni m'Chisenga, iwo anayankha, ndipo aliyense anadikira nthawi yake yopopa.